Dziko Limene Ndinatulukira Kuseri kwa Sukulu

Pa Mzimba tinafika ndili Folomu 2, bambo atapeza ntchito yoyendetsa galimoto ya kampani ina yoyeza malo. Kwathu ndi ku Dowa. Pofika Folomu 3 ndinali nditadziwika sukulu yonse, ndipo sichinali chifukwa cha nzeru ayi. Ndine amene ndinaika bilimankhwe m'bokosi la choko. Ndinenso amene ndinaliza belu la nkhomaliro nthawi isanakwane, ana onse n'kukhamukira panja aphunzitsi akadali pakati pa chiganizo. Amayi ankati Mulungu anafuna kuwapatsa mnyamata wovuta, kenako anasintha maganizo n'kuwapatsa mtsikana, koma kuvutako anaiwala kuchotsa. Pa zonsezi sindinapepesepo mochokera pansi pa mtima, ndipo mukandifunsa lero ndiyamba ndaseka kaye. Nkhani ya zikhomo nayonso inayamba chimodzimodzi, ndipo chiyambi chakecho ndimachikondabe.

Mphunzitsi wathu wa Hisitole anali bambo wamfupi wa ku Mulanje, wa mapu aakulu a dziko lonse omatidwa ndi selotepi podutsa pa India. Ankaphunzitsa m'Chingerezi, koma nkhani ikafika pokoma ankagwera m'Chichewa osadziwa. Teremu imeneyo tinali pa anthu oyenda panyanja. Anatiuza za Apwitikizi, mmene ankatsetserekera ndi zombo zawo m'mbali mwa Afirika chaka ndi chaka, kufunafuna njira ya ku India kuti akagule tsabola. Kalasi yonse inagwa nacho chiseko. Munthu kufera panyanja, mano kuguluka, chifukwa cha tsabola amene amayi amachita kupatsidwa ngati basera pa msika?

Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi china. Anthu amenewa ankanyamula zipilala zamwala zokhala ndi mtanda pamwamba. Akafika pamalo pamene sanafikepo, ankatsika, n'kuzika chipilala, basi dzikolo latulukiridwa ndipo ndi la mfumu yawo. Eni ake ali pomwepo, akuwedza nsomba. Atayamba kukangana ndi anzawo a ku Sipeni, nkhani inakafika kwa Papa, ndipo panajambulidwa mzere pa mapu kuchokera kumwamba mpaka pansi: uku kwa awa, uko kwa awo. Ndinakweza dzanja n'kufunsa kuti nanga Mzimba inagwera mbali iti. Aphunzitsi anaika rula pa mapu, n'kunena kuti mbali ya Apwitikizi.

"Ndiye kuti tonse muno ndife katundu wa eni ake, sala, kungoti sanabwere kudzatitenga?"

"Iweyo akanakubweza tsiku lomwelo," anatero.

Anawonjezanso kuti a ku Sipeni, akafika kutsidya la nyanja, ankayamba awerenga chikalata chouza anthu kuti kuyambira lero ali pansi pa mfumu yakutiyakuti. Ankachiwerenga m'chilankhulo chawo, chimene eni dziko sankachimva, ndipo nthawi zina ankawerengera mitengo ndi nyumba zopanda anthu. Ndinatembenukira mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi, mtsikana wa konkuno, Mtumbuka weniweni, amene ankandimasulira zonse zimene anthu ankandinena. Iye atangoona nkhope yanga anati, "Iwe, ine ayi." Ankadziwa kuti ndaganiza kanthu.

Kuchokera kumalayini kwathu kupita kusukulu kunali njira yachidule yodutsa m'mphepete mwa munda wa bambo wina wamtali, wa chipewa chachikulu chamlaza. Tonse tinkangowatchula kuti adada, monga amaitanira bambo aliyense kuno. M'mundamo munali chulu, ndi mtengo wa mango umene unkapsa msanga kuposa yonse. Adadawo ankatseka njirayo ndi minga, ife n'kumachotsa. Tsiku lina anandipeza ndili m'mwamba mwa mtengowo, siketi nditaipanira m'miyendo, ndipo anandilakatulira mawu ambirimbiri a Chitumbuka. Mnzanga anamasulira pang'ono chabe: akuti ndine nyani wovala yunifolomu, ndipo kwathu anthu sanandilere koma anangondiweta. Anthu odutsa anaseka. Ndinatsika, koma ndinazisunga mumtima.

Pakhonde pathu, pakona, pankakhala mtolo wa zikhomo za kuntchito kwa bambo: timitengo tosongola kumunsi, mitu yake yopakidwa penti wofiira, tina tolembedwa manambala. Panalinso hamala. Loweruka lina masana, titamva kuti adada apita kumaliro kumudzi wina, ndinakulunga zikhomo m'chitenje, mnzanga n'kunyamula hamala uku akung'ung'udza. Munda unali utalimidwa kale, mizere yoongoka bwino, kungodikira mvula. Tinakhoma zikhomo kuzungulira pafupifupi munda wonse, n'kungosiya kachigawo kakang'ono ka kunjira. Kenako ndinamanga mtanda wa mapesi, n'kuuzika pa chulu, ndipo ine ndinaima pambali pake dzanja lili pachifuwa. M'Chingerezi changa chonse cha Folomu 3 ndinalengeza kuti dziko limeneli ndalitulukira ine, pamodzi ndi mango ake, mbewa zake ndi onse okhalamo, m'dzina la mfumu ya Apwitikizi. Ndinafunsa ngati alipo wotsutsa. Panali mbuzi ziwiri, ndipo sizinatsutse. Mnzanga anaseka mpaka kukhala pansi pa mzere.

Mpaka pamenepo, ndikunenetsa, inali nthabwala yabwino kwambiri imene ndinapangapo.

Ndinkayembekezera kuti adada akabwera azula zikhomozo, atukwane, mwina abwere kusukulu kudzadandaula, ine n'kupatsidwa chibalo chokumba dzenje la zinyalala monga mwa masiku onse. Mtanda uja ukanakhalapo bwenzi atadziwa kuti ndi zibwana za ana a sukulu. Koma mbuzi zija zinadya mtandawo. Panatsala zikhomo zofiira zokha, zoima mwaulemu ngati zakhomedwa ndi anthu ophunzira.

Lolemba tinapeza zikhomo zili momwemo. Lachiwiri chimodzimodzi. Mnzanga ndiye anandifotokozera zimene ine mlendo sindinkazidziwa. Chaka chapitacho, cha kumsewu waukulu, kunakhomedwa zikhomo zofiira zenizeni, ndipo pamene panali minda ya anthu panasanduka mapuloti. Chiyambire pamenepo aliyense ankadziwa zinthu ziwiri: chikhomo chofiira chikalowa m'munda mwako ndiye kuti mundawo wapita, ndipo ukachizula umangidwa. Kaya lamulo limenelo lilipodi kaya ayi, palibe amene ankafuna kuliyesa ndi thupi lake.

Sabata yomweyo mvula yobzalira inagwa. Kuno ikagwa yoyamba yeniyeni anthu sayang'ananso kumbuyo. M'kalasi munatsala mipata, ana atatengedwa kukathandiza kubzala. Minda yonse ya m'njira inadzaza anthu owerama. Adada anabzala kachigawo kakang'ono kaja ka kunja kwa zikhomo, n'kulekera pomwepo. M'kati monse, mizere yonyowa bwino, yakuda, munalibe phazi la munthu. Iwo ankakhala pa chulu, chipewa pa bondo, kuyang'ana.

Ndisaname, tsiku loyamba ndinasangalala. Ufumu wanga unali utakhazikika popanda mfuti. Mnzanga anati tikazule msanga, ine ndinati mawa. Koma mawa lakelo adada anali pa chulu pomwepo, m'mawa popita ndi madzulo pobwera, kudikira eni zikhomo kuti alankhule nawo. Kuzula iwo akuona kunali kudziulula. Chimanga cha anthu ena chinayamba kutumphuka, timasamba tobiriwira m'mizere, ndipo njira yachidule ija inayamba kunditalikira.

Loweruka la sabata yotsatira m'mawa, bambo akutsuka galimoto ya kuntchito pabwalo, ndinaona njinga ikulowa pampanda. Anali adada, atavala jekete la kutchalitchi, pa kaliyala atamangirira nkhuku yaikazi yonenepa. Anthu anali atawauza kuti kumalayini kuli bwana wa zoyeza malo, amene galimoto yoyera imagona pakhomo pake.

Bambo anga si bwana. Kuntchito anyamata oyeza malo, ena aang'ono oti angakhale ana awo, ankawaitana ndi likhweru, kuwatuma fodya ndi mandasi, n'kuwasiya padzuwa tsiku lonse akulondera galimoto. Ndinaziona ndekha tsiku lina nditawapititsira chakudya. Koma pakhomo, ndi galimoto ija, munthu wachilendo sakanadziwa.

Amayi anatulutsa mpando. Adada anaukana, n'kunjuta pansi, chipewa m'manja. Bambo anakhala pampando. Ine ndinaitanidwa kudzapereka moni, ndipo ndinagwada chapatali, mutu pansi, ndikupemphera kuti chitenje chindisinthe nkhope. Adada anandizindikira nthawi yomweyo. Ndinadikira kuti aloze chala. M'malo mwake anatembenukira kwa ine, munthu wa imvi, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Amama, munigowokere, mundikhululukire. Sindinadziwe kuti ndinu mwana wa bwana. Mango aja muzithyola, ndi anu."

Ndakhala ndikukwapulidwa pa asembule sukulu yonse ikuona, ndipo ndinkabwerera kumzere ndikumwetulira. Koma apa ndinasowa poika maso.

Kenako adada anafotokoza nkhani yawo m'Chichewa chosakaniza. Anati mundawo anausiyiridwa ndi bambo awo, ndipo alibe wina. Anati mbewu anagula, feteleza ali naye, koma akuopa kubzala m'malo a boma kuti angaonjezere mlandu. Sankapempha kuti zikhomo zichoke kotheratu, chifukwa ankadziwa kuti zinthu za akuluakulu sizibwerera. Ankangopempha chaka chimodzi chokha, akolole kaye.

"Ndapota, bwana. Mukanditengera, mbwenu nilimenge nkhu, ndikalima kuti? Ana adya chiyani?"

Bambo anafunsa kuti zikhomozo n'zooneka bwanji. Atamva, anatembenuza mutu n'kuyang'ana pakona pa khonde, pamene mtolo uja unali utaonda. Kenako anayang'ana ine. Anadziwa zonse. Mumtima ndinati basi, zathera pano: anena kuti ndi mwana wangayu, andimenya pamaso pa mlendo, adada akabzala lero lomwe. Ndinali wokonzeka. Ndinayambanso kuganiza mmene ndidzaifotokozere nkhaniyi Lolemba kuti anzanga aseke.

Bambo anatsokomola, n'kutsamira kumbuyo kwa mpando, mwendo wina pamwamba pa unzake. Mawu amene anatuluka sanali awo. Anali a anyamata aja a kuntchito.

"Nkhaniyi ndi yovuta, adada. Zikhomo zikalowa pansi, zalowa. Komabe poti mwabwera nokha, ndikalankhula ndi akuluakulu. Mubwerenso Loweruka."

Anakodola amayi kuti alandire nkhuku. Amayi anaima osasuntha, mpaka bambo anachita kunditchula ine. Ndine amene ndinamasula nkhukuyo pa kaliyala. Inali yofunda, mtima wake ukugunda m'manja mwanga. Adada anathokoza, yewo, yewo chomene, akubwerera chafutambuyo mpaka pampanda.

Njinga itangopita amayi anayamba. Sanakweze mawu, poopa oyandikana nawo. Anati nkhukuyo ibwerere kumene yachokera, ndipo munthuyo auzidwe lero, chifukwa chinyontho sichidikira Loweruka la munthu. Bambo anayankha kuti mphatso sabweza, ndipo ngati pakhomo pano pali wakuba si iwo, wakubayo ndi uyu waimayu. Anati akanena zoona, mawa tauni yonse imva kuti zikhomo za kampani akuseweretsa ndi mwana wa dalaivala, ndiye ntchito ikatha tidzadya nthabwala zangazo? Pamenepo anali ndi mfundo, sindikana. Koma amayi anafunsa kuti nanga sabata yathunthuyo ndi ya chiyani, bwanji osamuuza kuti abwere mawa. Bambo anati nkhani ya malo ikatha tsiku limodzi anthu amaikayikira. Ananena zimenezi akupukuta galasi la galimoto limene anali atapukuta kale.

Nkhukuyo inaphedwa tsiku lomwelo. Ndinasosola ndine. Amayi anati mutu ukuwapweteka, ndipo anadya masamba okha. Ndikanakonda kulemba kuti nanenso ndinakana, koma ndinadya ntchafu yonse mpaka kuphwanya fupa, ndipo inali yokoma. Bambo anadya nthutumba osayang'ana munthu.

Lolemba aphunzitsi anali atachoka panyanja, atafika pa za kugawanika kwa mpingo ku Ulaya. Anafotokoza za wansembe wina wa ku Jeremani amene anakwiya poona anthu akugulitsidwa mapepala a chikhululukiro, amphawi akupereka kangachepe kawo kuti abale awo amene anamwalira apepukidwe chilango. Anati ogulitsawo ankayamba aopseza anthu ndi moto, kenako n'kutulutsa mapepala. Mnzanga, amene ndinali nditamuuza zonse za Loweruka, anandiponda phazi pansi pa desiki.

"Bambo ako ndi otchipa," ananong'ona. "Chikhululukiro chonse nkhuku imodzi."

Tsiku lina lililonse ndikanaseka, chifukwa inali yabwino, ndipo ndinamva kaduka kuti sindinaiganize ndine. Koma ndinamuuza kuti atseke pakamwa pake, bambo anga si anzake. Anandiyang'ana n'kusunthira kumapeto kwa benchi. Wina aliyense akanena za ine ndimayankha. Za bambo zinali zina.

Titaweruka sindinadikire munthu. Ndinapita ndekha kumunda kuja. Kunali kutatha masiku angapo osagwa mvula, ndipo pamwamba pa mizere panali patayamba kuyera. Adada anali pa chulu. Ndinagwada m'njira, n'kunena bodza limene ndinalikonza m'kalasi ya Masamu: bambo andituma, akuluakulu avomera, zikhomo zichoke, mubzale. Kunama ndimakhoza, ndipo nkhope yanga sinagwedezeke.

Anandifunsa kawiri ngati ndi chaka chino chokha. Ndinati akuti mubzale basi.

Zikhomo zinali zitatupa ndi mvula, zitagwira nthaka. Ndinalimbana nacho choyamba mpaka manja kusupuka. Adada anandibweretsera khasu, koma iwo sanakhudze chikhomo ngakhale chimodzi; ankayenda pambuyo panga patali pang'ono, ndikazula amaomba m'manja. Ndisanafike pakati, ndinacheuka n'kuona ayamba kale kubzala. Mbewu inali m'matumba a jekete lawo. Masiku onse aja ankakhala pa chulu ali nayo m'thumba.

Ndinafika kunyumba yunifolomu ili matope okhaokha, mtolo pamutu. Ndinautula pakona pa khonde bambo akuona. Ndinaima kudikira lamba. Anayang'ana zikhomozo nthawi yaitali, kenako anangoti ndizitsuke, penti aoneke. Sanandimenye tsiku limenelo, ndipo za Loweruka lija sanazitchulenso. Kuyambira pamenepo tikakumana pakhomo aliyense ankapeza choyang'ana kumbali. Ine ndinkawachitira manyazi, iwo ankadziwa kuti ndikuwachitira manyazi, ndipo chimenecho chinali choipa kuposa lamba.

Chimanga cha adada chinamera, koma chinali chotsalira. Cha anzawo chikamasula ngayaye, chawo chinali chikadali m'chiuno. Chaka chimenecho mvula inadukiza msanga, ndipo amene anabzala ndi mvula yoyamba ndiwo anapulumuka. Kachigawo kaja ka kunjira kanabereka bwino. M'kati monse munatuluka tizitsononkho tatifupi, ta mano apatalipatali.

Ngakhale zinali choncho, nthawi ya chimanga chachiwisi njinga ija inalowanso pampanda pathu. Pa kaliyala panali kathumba, ndipo ndinaona kuti anasankhamo zabwino zokhazokha za kunjira zija. Ananjutanso pansi. Atatha kuthokoza, anafika pa chimene anabwerera: kodi chaka chamawa akuluakulu adzalolanso? Anati akufuna kumanga chigafa choyanikamo fodya, koma sangadule mitengo asanadziwe.

Bambo anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona mwendo uja ukuyamba kukwera pa unzake. Sindinadikire.

"Adada, kulibe akuluakulu. Zikhomo zija ndinakhoma ndine. Tinkasewera za kusukulu."

Kenako adada anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Anauza bambo kuti anamva kale mbiri yanga, kuti mwana wawoyu ndi wa nthabwala chomene, mtsikana angalande munda wa munthu? Anati ana a mabwana amakula ochenjera. Ndinabwereza, ndikulumbira, koma ndikamalimbikira m'pamene ankasekera. Munthu ukadziwika ndi mabodza, tsiku limene wanena zoona limakhala nthabwala yako yopambana.

Bambo sanaseke. Anatsitsa mwendo, n'kuwerama, zigongono pa mawondo. Analankhula ndi mawu awo enieni, a dalaivala wa ku Dowa, maso ali pa nthaka.

"Mundawo ndi wanu, adada. Palibe adzabwere, chaka chamawa kapena china. Mangani chigafa chanu. Ndipo musadzavutikenso kubwera ndi kanthu kuno."

Adada anathokoza, koma kuseka kunali kutatha. Anayang'ana bambo, n'kuyang'ana kathumba kaja, ngati akufuna kudziwa ngati chimangacho chachepa. Anakasiya pomwepo pakhonde, n'kukankha njinga mpaka kunja kwa mpanda asanakwere.

Chigafa anamangadi m'chilimwe chomwecho, cha mitengo yabwino, denga la udzu wosanjika bwino. Malo abwino omangapo anali pafupi ndi chulu, pokwera, posafika madzi. Iwo anachimanga kumunsi, pa kachigawo kopanikizika ka kunjira kaja, pamene mvula ikagwa pamadikha madzi. Nsanamira yake yomaliza inaima pafupi kwenikweni ndi pamene ndinakhoma chikhomo choyamba, koma kunja kwake.